Apaulendo a Mfumu Dzadzani

Mu Ufumu wa Tikunyamuka munali mzinda umodzi wokha woti n'kuutcha mzinda, dzina lake Mphambano, ndipo misewu yonse ya m'dzikomo inkakumana pamenepo. Musaganize kuti zinangochitika zokha. Mfumu Dzadzani Wachiwiri itangolowa ufumu inamva kuti anthu akumayenderana mudzi ndi mudzi osadzera ku likulu, ndipo nkhaniyi inaisowetsa mtendere. Inalamula kuti kuyambira tsiku limenelo aliyense wopita kulikonse azidzera ku Mphambano kaye. Timilatho ta m'makwawa tinaphwasulidwa, m'njira zachidule munabzalidwa khonje, ndipo pa doko lililonse panaikidwa msilikali. Munthu wofuna kukakhuza maliro kutsidya kwa mtsinje, kumene ankamva kulira ali pakhomo pake, ankakwera basi maola anayi kupita ku depoti yaikulu ya ku Mphambano, n'kusintha basi, n'kubwereranso maola anayi. Ambiri ankafika tsiku lometa.

Tisanamizane, ubwino wake unalipo. Mzinda unanenepa. Amayi ogulitsa mazira owiritsa anafolera nyumba zawo ndi malata, mwini zimbudzi za pa depoti anamanga nyumba yosanja, ndipo alaliki, osoka nsapato ndi ogulitsa mankhwala a makoswe sankasowa wowamvera. Tomato wa kummwera, nyemba za kumpoto ndi miseche ya dziko lonse zinkafika mumzindamo zidakali zatsopano. Koma zinkafikanso ndi zina. Chimfine cha kumapiri chinkakumana ndi chifuwa cha kuchigwa pa depoti pomwepo, n'kukwatirana, n'kubereka ana. Nsikidzi za zigawo zonse zinkachitira misonkhano yawo m'nyumba zogona alendo. Utsi unali woti munthu wochoka m'mawa atavala malaya oyera ankabwerera kunyumba galu wake n'kumuuwa, ndipo makanda a mumzindamo ankayamba kunena "sunthani" asanadziwe kunena "amama".

Tsono m'dzikoli munali malamulo awiri amene sanalembedwe paliponse koma ankalemekezedwa kuposa a mfumu. Loyamba linkati basi sinyamuka isanadzaze. Lachiwiri linkati munthu wanzeru zake sakwera basi yopanda anthu, chifukwa akalambira momwemo. Mukaganiza bwino muona kuti ndi malamulo awiriwa palibe basi imene ikanachoka pa depoti mpaka dziko kutha. Ndiye panabadwa ntchito. Makondakitala ankalemba anthu oti azikhala m'basi ngati apaulendo, kuti odutsa aziona ngati yatsala pang'ono kudzaza. Wapaulendo weniweni akafika, wabodza mmodzi ankatsika mwakachetechete ngati wakumbukira kanthu, n'kukalowa m'basi ina.

Mwa onse ogwira ntchitoyi panalibe wofanana ndi a Zakeyu Kamtedza a m'mudzi wa Dikirani. Iwowa sanabwere mumzinda kudzafuna ntchito. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo anatsanzika akazi awo, a Nagama, amene anali ndi khanda kumsana, kuti akupita ku Pafupi, mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, kukagula chitseko cha nyumba yawo yatsopano. Atafika ku Mphambano analowa m'basi ya ku Pafupi ili mbee, n'kukhala pawindo. Basi imeneyo inkatenga masiku atatu kuti idzaze, koma tsiku limenelo inadzaza ola lisanathe. Kondakitala wake, a Bonongwe, anaona chifukwa chake. Nkhope ya a Zakeyu inali ya munthu amene wapirira kale zambiri ndipo akudziwa kuti zatsala pang'ono kutha, moti aliyense woiona ankakwera osafunsa. A Bonongwe anawagulira tiyi ndi sikono, n'kuwapempha kuti atsike, akakhale m'basi yotsatira, kamodzi kokha. A Zakeyu anali munthu wabwino, koma anali ndi matenda amodzi: sankadziwa kukana. Kamodzi kokhako ndiko kanafika zaka zonsezi.

Ntchitoyo anaidziwa mpaka kuipitiriza. Anali ndi sutikesi yomanga ndi mphira, m'kati mwake mulibe kanthu. Anali ndi wotchi yosayenda imene ankaiyang'ana pafupipafupi akupukusa mutu. Anali ndi thadzi lofatsa, lachisanu ndi chimodzi pa ntchitoyi, limene linkasuzumira pawindo ngati likudziwa kumene likupita. Akaona munthu akukayikakayika panja, ankamenya denga la basi n'kukuwa kuti, "Adalaivala, tiyeni tizipita, ena tili ndi maliro!" Amalume awo okha ankamwalira kangapo pa sabata, ndipo nthawi zonse basi inkadzaza.

Kumudzi sanabwerereko, koma sankaona ngati ataya banja, chifukwa banjalo linkadutsa pa depoti pomwepo. A Nagama akamapita kuchigayo, kusikelo kapena kukaona achemwali awo, ankaima pansi pa windo n'kupereka malipoti onse a pakhomo. Mwana wawo Elube anakula a Zakeyu akumuonera pawindopo, poyamba ali kumsana, kenako atavala yunifolomu, kenako ali namwali wamtali wosakonda kuseka zopanda pake. Nthawi zonse ankamupatsira mandasi pawindo. Iwo ankati ndi bambo wamwayi, chifukwa abambo ena a mumzinda ana awo ankawaona pa Khirisimasi pokha.

Lolemba lina Elube anaima pansi pa windo lija manja atapinda.

"Mama, wabwera!" anatero a Zakeyu. "Dikira ndikuitanire wa mandasi."

"Mandasi ndakhuta, bambo. Loweruka lino ndi ukwati wanga ndi a Fanuelo a ku Pafupi."

"Ndikudziwa, mwana wanga, amayi ako anandiuza. Ndakonza kale moni wamphamvu woti..."

"Ubatizo wanga munatumiza moni. Nditakhoza mayeso munatumiza moni. Pa chinkhoswe munatumiza moni ndi mandasi. Moni wanu wadzaza nyumba, bambo, tikusowa poponda." Mawu ake sanakwere, ndipo n'chimene chinawaopsa a Zakeyu. "Loweruka eyiti koloko mukandilowetse m'tchalitchi ku Dikirani, inuyo, ndi thupi lanu. Mukapanda kubwera, sindidzayang'ananso pawindo ili. Ana anga ndidzawauza kuti agogo awo anapita kukagula chitseko."

Anatembenuka n'kumapita. Kwa nthawi yoyamba a Zakeyu anachita manyazi ndi mpando umene anakhalapo. Mwana ameneyu ankamukonda kuposa china chilichonse, ndipo anadziwa kuti sanali kuopseza chabe.

Lachiwiri m'mamawa anagula jekete pa kaunjika, analiika m'sutikesi, n'kupita pa basi ya ku Dikirani.

"Achimwene," anauza kondakitala wake, "lero ndine wapaulendo weniweni. Ndikupita kwathu."

"Eee, madala, mwabwera ndi sitayilo yatsopano! Khalani pawindo pomwepo."

Basi inadzaza, ndipo kondakitala anawagwira paphewa. "Madala, yakwana. Zikomo kwambiri."

"Ndikupita ku ukwati wa mwana wanga!"

"Ndamva, madala, ndipo mwanena bwino zedi, mpaka ine thupi lachita tsembwe. Koma pali mayi awa ali ndi katundu, apatseni malo."

Anawanyamula m'khwapa n'kuwaika pansi mwaulemu wonse. Basi yachiwiri zinali chimodzimodzi, yachitatunso. Anaganiza zoyenda wapansi, koma njira yololedwa inali ya masiku asanu. Pofika Lachitatu a Zakeyu ankakakamira mpando ndi manja onse, misozi ili chuchuchu, akuchonderera kuti asawatsitse. Anthu odutsa akaona bambo wamkulu akulira chotero ankati basi imeneyi ikunyamuka sopano lino, n'kuthamangira pakhomo. Mabasi ankadzaza kondakitala asanatsegule pakamwa. Makondakitala anayamba kumenyana kulimbirana a Zakeyu, kuwanyamula pamapewa kuchoka basi ina kupita ina, ngakhale za kumpoto kumene kunalibe mbale wawo. Anzawo a pantchito ankabwera kudzaphunzira kaliridwe katsopanoka, ndipo mbiri yawo inakwera mpaka kunyumba ya mfumu.

Nyumbayo inayang'anizana ndi depoti, ndipo Mfumu Dzadzani inkakonda kukhala pakhonde lapamwamba kuonerera mabasi monga ena amaonerera ng'ombe zawo. Lachinayi inaitanitsa nduna zonse, chifukwa Loweruka kunkabwera mlendo, Mfumukazi Chimwendo ya dziko la Fikani, kudzaona ndi maso ake depoti yotchukayo.

"Ndaona chinthu chonyansa," inatero mfumu. "M'mawa depoti yanga imakhala yodzaza bwinobwino. Koma basi ikangodzaza, imachoka! Pofika masana pamakhala mipata ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Mlendo wanga adzaona chiyani? Fumbi?"

Nduna ya Misewu ndi Kudikira, a Pendapenda, inagwada n'kutsokomola. "Inu Mwini Misewu, unduna wanga wafufuza nkhaniyi pa misonkhano khumi ndi iwiri, yonse ya chakudya chamasana. Tapeza kuti vuto la apaulendo ndi limodzi lokha. Amapita. Timawalandira bwino, timawapatsa mpando, timawaimbira hutala, koma mtima wawo uli kwina."

"Osakonda dziko lawo!" inakuwa nduna ina imene inali itangodzidzimuka kutulo.

"Komatu, Mwini Misewu," anapitiriza a Pendapenda, "alipo apaulendo a mtundu wina, okhulupirika, amene sapita kulikonse. Tikadzaza mabasi onse ndi amenewa, depoti idzakhala yodzaza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo dziko lonse lidzadziwa kuti palibe mzinda wa maulendo ngati uno."

Mfumu inaimirira ndi chimwemwe mpaka chisoti chinapendekeka. Masana omwewo lamulo linalengezedwa ndi malipenga. Onse okhala m'mabasi mwabodza anasanduka Apaulendo a Mfumu, antchito a boma. Basi iliyonse yolowa mumzinda inayenera kudzazidwa ndi iwowa, injini ikulira, koma osanyamuka mpaka mlendo atabwerera kwawo. Wotsika aliyense adzathamangitsidwa mumzinda pa basi ya othamangitsidwa, imene idzanyamuke ikadzadzaza. Basi imeneyo aliyense ankaidziwa. Inali kuseri kwa depoti, udzu utamera m'matayala, ndipo munali anthu atatu amene ankadikira anzawo kuyambira chaka cha dzana.

Gulu lotere linafunika mkulu wake, ndipo asilikali anakatenga a Zakeyu ndi thadzi lawo. Mfumu inawaveka mendulo yaikulu ngati chivundikiro cha poto.

"Mfumu yanga," anatero a Zakeyu atagwada, "mwana wanga mmodzi yekhayo akukwatiwa Loweruka ku Dikirani. Ndikapanda kupita ndamutaya. Ndikupempha mundilole ndikwere basi."

Mfumu inaomba m'manja, misozi ikulengeza. "Mwamumva? Mwamumva munthuyu? Ineyo mwini wake ndatsala pang'ono kukatenga chikwama changa! A Pendapenda, muikeni m'basi ya kutsogolo kwenikweni, mlendo adzayambe kuona iyeyu."

A Zakeyu anatsegula pakamwa kuti akane, koma chimene chinatuluka ndi "Zikomo, Mfumu."

Lachisanu anthu a ntchitoyi anachepa, ndiye boma linawonjezera makalaliki, makwaya atatu ndi akaidi a milandu ing'onoing'ono, aliyense atapatsidwa mtolo wa udzu wokulunga m'chitenje kuti uoneke ngati katundu. Madalaivala ankaliza injini, kusuntha basi phazi limodzi kutsogolo, n'kuibwezanso. Mabasi ankalowa mumzinda koma osatuluka, ndipo apaulendo enieni anaunjikana pa depoti mpaka kusefukira mumsika.

"Mfumu imeneyi Mulungu aisunge," anatero a Nanthambwe, mayi wogulitsa mazira, ataona dengu lawo lachisanu latha dzuwa lisanafike pamutu. "Kale kasitomala ankandithawira m'basi dzira lili m'manja. Lero ndikumupeza pomwe ndinamusiya."

"Inde, zinthu zakonzedwa," anavomereza mkulu wina amene anakhala pa thumba lake la mbatata. "Kale tinkachedwa m'njira. Tsopano kuchedwa kwatha, chifukwa munthu wosanyamuka sangachedwe."

Loweruka m'mawa a Nanthambwe anasiya kudalitsa mfumu, chifukwa anakumbukira kuti mazira nawonso amabwera pa basi. Tomato anatha, makala anatha, ndipo mzere wa kuchimbudzi unazungulira depoti kawiri. Bambo wina amene ankapita kukafunsira mbeta kummwera anatopa n'kufunsira mayi amene anaima naye pamzerepo. Utsi wa injini zolira pachabe unaphimba khonde la mfumu, koma mfumu inkangomwetulira m'kati mwa utsiwo ikutsokomola. Mlendo yekha ndiye sankaoneka, chifukwa galimoto yake inatsekeredwa kunja kwa mzinda ndi mabasi amene ankasowa polowera.

A Zakeyu anali pa mpando wawo wakale m'basi ya ku Pafupi, imene inaimikidwa pansi penipeni pa khonde la mfumu. Anavala jekete lija, mendulo ikulendewera pamwamba pake. Belu la tchalitchi cha mumzinda litalira eyiti koloko, anadziwa kuti ku Dikirani mwana wawo akulowa m'tchalitchi atagwidwa dzanja ndi munthu wina. Sanalire. Misozi inali itathera pa ntchito. Ankangodzida okha chifukwa cha "zikomo" aliyense amene ananena m'moyo mwawo pamene ankafuna kunena "ayi".

Cha m'ma wani koloko kunamveka nthungululu kuchipata. Basi yochokera ku Dikirani, yomaliza imene inali itatsala kumidzi, inatsitsa anthu ake, ndipo pakati pa khamu panatulukira mkwatibwi wovala zoyera, mkwati wa suti yothina, anamwali operekeza, a Nagama atavala chilundu chatsopano, ndi amayi awiri atasenza keke pa thabwa. Ukwati unali utadalitsidwa ku Dikirani, koma madyerero anali kwawo kwa mwamuna ku Pafupi. Kuchokera pa tchalitchi munthu ankatha kuona utsi wa mapoto a ukwatiwo kutsidya, koma lamulo linali lamulo.

Elube anadza molunjika pa basi ya ku Pafupi, atanyamula m'mphepete mwa diresi kuti isakhudze matope a oyilo. Anadutsa pansi pa windo la bambo ake maso ali kutsogolo. Sanayang'ane ngakhale pang'ono.

"Akondakitala," anatero kwa a Bonongwe, "tilipo khumi ndi asanu ndi mmodzi. Tikupita ku Pafupi, anthu akutidikira."

A Bonongwe anakanda m'mutu. "Pepani, mayi, yadzaza."

"Ndiye inyamuke, tikwere yotsatira."

"Siikunyamuka, mayi."

"Nanga inyamuka liti?"

"Mlendo wa mfumu akabwerera kwawo."

"Wafika liti?"

"Sanafike, mayi."

Elube anaima pomwepo padzuwa, utsi ukudetsa velo lake. Keke inayamba kupendekeka pa thabwa. Mkwati Fanuelo, mnyamata wofatsa amene suti inkamuletsa kupuma bwino, anayesa kumugwira dzanja, ndipo a Zakeyu anaona mapewa a mwana wawo akugwedezeka. Ankalira mosatulutsa mawu, ngati munthu amene sakufuna kuti wina wake amve.

A Zakeyu anayang'ana kumwamba. Mfumu inali pakhonde, a Pendapenda ali pambali pake, asilikali ali m'munsi. Anakumbukira basi ya kuseri ija ndi udzu wa m'matayala ake. Kenako anapanira thadzi m'khwapa, ananyamula sutikesi, n'kuimirira.

"Madala, mukutani?" ananong'ona a Bonongwe. "Khalani pansi, akuonani!"

"Ayi," anatero a Zakeyu. Liwulo linatuluka lopyapyala chifukwa linali lisanagwirepo ntchito, ndiye analibwereza. "Ayi. Anzanga, ntchito yathu mwaiiwala? Ife timasunga malo. Mwini malo akafika, timatsika. Eni ake afika."

Anatsika. Anzawo a m'basimo anayang'anana. Anali anthu amene anaphunzira ntchito kwa a Zakeyu, ndipo kunena zoona matako anali atawauma kuyambira Lachinayi. Anatsika mmodzimmodzi. A m'basi yoyandikana ataona mkulu wawo ali pansi ndi mendulo yake anayesa kuti lamulo lasintha, nawonso anatsika. Makwaya anatsika akuimba, makalaliki anatsika akufunsa ngati pali fomu yosainira, akaidi anatsika n'kusowa osaonekanso mpaka lero. Apaulendo enieni sanadikire kuuzidwa. Anakhamukira m'mabasi ndi mbatata zawo, mbuzi zawo ndi ana awo, ndipo madalaivala, poona mabasi adzaza ndi anthu okalipa zenizeni, anaponda moto.

A Pendapenda anatsika masitepe akukuwa kuti asilikali atseke chipata, koma nthawi yomweyo pachipatapo panalowa njinga ya kabaza, kumbuyo kwake kutakhala mayi wonenepa wovala chisoti chagolide, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Mfumukazi Chimwendo inali itatopa kudikira m'galimoto. Inatsika panjinga n'kuima kukamwa kuli pululu, ikuona mabasi mazana akutuluka motsatizana kulowera mbali zonse za dziko.

"Achimwene anga a Dzadzani!" inafuula kuyang'ana kukhonde. "Ndayenda maiko ambiri, koma sindinaonepo mabasi ochuluka chonchi akunyamuka nthawi imodzi! Mwachita bwanji?"

Mfumu Dzadzani, imene inali itatsegula kale pakamwa kuti ilamule zoti wina amangidwe, inatseka n'kukonza chisoti. "Ndi dongosolo, achemwali," inatero. "Tinalikonza kwa miyezi. Ndinaganiza ndekha."

Zitatero kunali kovuta kuthamangitsa munthu chifukwa cha dongosolo la mfumu. Koma a Pendapenda sakanabwerera chimanjamanja. Anafika pa a Zakeyu n'kuthothola mendulo ija. "Ntchito yakutherani," anatero mokukuta mano. "Musadzakhalenso pa mpando wa basi iliyonse mumzinda muno ngati wantchito."

A Zakeyu sanawamve n'komwe. Elube anali ataima patsogolo pawo, ndipo ankawayang'ana kuchokera pamwamba.

"Bambo," anatero pang'onopang'ono, "ndinu aafupi chonchi?"

"Pochoka kumudzi anali otalikirapo," anatero a Nagama akukwera basi. "Yawadya ndi mipando."

Anthu a ukwati anakwera onse, keke inaikidwa pamiyendo ya anamwali atatu, ndipo Elube anakhala pa mpando umene bambo ake anausiya udakali wofunda. A Zakeyu anatsala panja ndi sutikesi ndi nkhuku. Tchalitchi anali atachiphonya, ndipo sanayerekeze kupempha malo. A Bonongwe anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akuwaona koyamba.

"Munthu wopanda ntchito, ali ndi sutikesi, waima pa depoti," anatero akuganiza mozama. "Madala, inu ndinu wapaulendo! Koma mwachedwa, pepani. Yadzaza."

Anayamba kukoka chitseko. Dzanja lovala golovesi yoyera linachigwira.

"A Fanuelo, sunthani," anatero Elube.

"Ndisunthira kuti, mayi? Kuno kuli keke."

"Pumirani m'kati. Bambo, kwerani. Tchalitchi mwaphonya, koma madyerero sanayambe."

A Zakeyu anakwera, anadzipanikiza pakati pa mwana wawo ndi mkamwini wawo, sutikesi pamiyendo, nkhuku pamwamba pa sutikesi. Chitseko chinatsekedwa. Dalaivala analowetsa giya, ndipo basi inasuntha phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu, osabwerera m'mbuyo. Apa m'pamene panaoneka vuto limene palibe analiganizira. Miyendo ya a Zakeyu inkadziwa chinthu chimodzi chokha, chakuti basi ikadzaza ntchito yatha. Inayamba yokha kupalasa pansi kufunafuna khomo, mwini wake akuiletsa koma osamva.

"Ikufuna kutsika!" anakuwa a Zakeyu. "Si ine, mama, ndi miyendoyi!"

"A Fanuelo, gwirani wakumanzere!"

Mkwati anagwira wakumanzere, suti n'kung'ambika kumsana. Mkwatibwi anagwira wakumanja. A Nagama anayamba nthungululu, anamwali anayambitsa nyimbo, nkhuku inatetera koyamba pa ntchito yake yonse, ndipo basi inadutsa chipata cha depoti n'kulowa mumsewu. A Zakeyu anali atatsinzina zolimba, thukuta lili kamukamu.

"Tafika?" anafunsa.

Elube anaseka, misozi ikutsikira pa velo lodetsedwa lija. "Ayi, bambo. Kwatsala maola anayi."

"Ndiye usandisiye mwendo, mwana wanga."

"Sindikusiyani, bambo," anatero Elube, ndipo anagwiritsa ndi manja onse awiri.